Tinakagula Madzi ku Chikangawa

Amene anandisankha kuti ndikagule matabwa a tchalitchi chathu ndi amayi anzanga a mumpingo, ndipo mpaka lero ndikawakumbutsa amaseka nkubisa nkhope m'zitenje. Ankati, "Nyachirwa ndi mwana wa munthu wocheka matabwa, Chitumbuka amachidziwa, kumeneko sangamubere." Ine nkumagwedeza mutu ngati zoona. Chitumbuka ndimachidziwadi. Koma matabwa? Ine ndine wa kaunjika. Mundipatse belo, ndikuuzani musanadule waya ngati muli madiresi abwino kapena zigamba zokhazokha. Za matabwa ndinkangodziwa kuti bambo anga ankabwera kunyumba akununkhira utomoni wa paini.

Ndiyambe ndi kumene tinachokera, chifukwa anthu ambiri akamva zoti Othodokisi amayesa ndi mpingo woyamba dzulodzuloli. Ku Chinsapo anaubweretsa ndi Bambo Namakhwa, munthu wa ku Thyolo, amene anakhala zaka zambiri akuphikira banja lina la Chigiriki ku Limbe. Kumeneko ndi komwe anabatizidwa. Mabwana aja atabwerera kwawo, iwo anakwera basi kudzafuna ntchito ku Lilongwe, m'chikwama muli mipeni yawo ya kukhitchini, buku la mapemphero ndi zithunzi ziwiri zopatulika, china cha Ambuye Yesu, china cha Amayi Maria atanyamula Mwana. Tinayamba kupemphera pabalaza pawo, mabanja anayi, ana atakhala pansi pa tebulo. Titachuluka tinatuluka panja nkumanga chisakasa cha masaka ndi mapepala apulasitiki. Masiku amenewo wansembe ankabwera kuchokera ku Blantyre pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Tsiku lina ali pakati pa mapemphero, mphepo ya mu Ogasiti inanyamula denga lathu nkukaliponya pa chimbudzi cha aneba, ndipo tinamaliza ndi ambulera itafunda pamwamba pa chikho cha Mgonero.

Malo anatibwereka ndi mayi wina wamasiye wa mumpingo momwemo, koma ana ake anaika lamulo limodzi: njerwa ayi. Ku Chinsapo aliyense amadziwa kuti njerwa ikagona pamalo, malowo apita. Ndiye tinagwirizana zomanga cha matabwa, choti tsiku lina akadzatithamangitsa tidzangozula misomali nkuchinyamula. Wansembe anavomera. Anangoti guwa liyang'ane kum'mawa monga mwa mwambo wathu, ngakhale zitatanthauza kupendekera msewu. Tinasonkherana chaka chathunthu, ndipo aliyense anati matabwa otsika mtengo ali ku Chikangawa, tikatenge mvula isanayambe.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene amayi anzanga aja sankachidziwa bwino. Msewu wa ku Chikangawa umadutsa kwathu. Bambo anga, aChirwa, atapuma ntchito yocheka matabwa anakakhala kumudzi pafupi ndi Luviri, kamtunda koyenda pansi kuchokera patala. Anali mkulu wa mpingo wa Chipresibateriya, mpingo umene makolo athu onse anakuliramo nkuferamo. Nditalowa Othodokisi pamodzi ndi amuna anga, ndinapita ndekha kukawauza. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkuti, "Mwana amene ndinalera ine sapsompsona zithunzi." Anatenga chipewa nkutuluka. Nthawi ya ulendowu nkuti patatha zaka zinayi chilankhulireni mawu amenewo. Makalata anga ankayankha ndi amayi. Ndinkawasowa bambo anga, sindibisa, koma mtima wouma uja ndinatengera iwo omwewo. Ndinatsimikiza kuti pa Luviri ndidutsa popita, ndidutsanso pobwera, osatsika.

Kalipentala wathu ndiye ankayenera kutitsogolera, koma dzulo lake kunagwa maliro kwawo ku Dedza. Anangotitumizira kapepala ka miyeso. Tinatsala awiri, Bambo Namakhwa wophika ndi ine wogulitsa kaunjika.

Lole tinapeza ya Che Jafali a ku Kawale, amene ankapita ku Kasungu ndi matumba a mchere, ndipo anavomera kupitirira mpaka ku Chikangawa kuti asabwerere chimanjamanja. Anati tikumane pamsika wa Kawale 5 koloko m'mawa. Ife, anthu a Mulungu, tinafika 5 koloko yeniyeni, Bambo Namakhwa atavala jekete lawo la pa Pasaka, ine ndalama za mpingo nditazimangirira m'chiuno mkati mwa zitenje ziwiri. Lole tinaipeza, dalaivala palibe. Inakwana 7, tinagula tiyi. Inakwana 8, tinagula mbatata yootcha. Che Jafali anatulukira cha m'ma 9 atasenza batire paphewa.

"Pepani akuluakulu, batire anabwereka achimwene anga a minibasi. Koma osadandaula, galimoto iyi ndi fiti."

"Paja munati 5 koloko," ndinatero.

"Mayi, 5 koloko ndi taimu ya ndege. Lole imanyamuka ikadzuka."

Inadzukadi titaikankha, ife ndi ogulitsa makala atatu. Ku Kanengo tinapeza okweza mchere ali pa nkhomaliro, ndiye tinakhalanso pansi pa mthunzi wa lole tikuonerera ntchentche. Mu Lilongwe tinatuluka dzuwa litapendeka kale.

Pa Lumbadzi Che Jafali anayamba kutola anthu a matola. Ankatulutsa mutu pawindo nkumakangana nawo mtengo injini ikulira, ndipo aliyense ankatsirizira kukwera pamwamba pa mchere. Pa Mponela anakwera mayi wina wa khanda wopita ku Madisi, amene tinamupanikiza kutsogolo pakati pa ine ndi Bambo Namakhwa. Ataona kamtanda m'khosi mwanga anafunsa mpingo wathu.

"Othodokisi? Ndi aja osadya nkhumba?"

"Ayi, amenewo ndi ine," anatero Che Jafali.

"Ndi aja opemphera Loweruka?"

"Ayinso."

"Basi ndinu Akatolika."

"Kalekale tinali nyumba imodzi," anayankha Bambo Namakhwa mofatsa, "kenaka tinagawana mbale."

Mayi uja anakhutira. Anati zogawana mbalezo akuzidziwa bwino, kwawo zinachitikanso chaka chatha. Potsika anatipatsa nthochi ziwiri kuti tizimupempherera.

Titawoloka mtsinje wa Bua, Che Jafali anaimika lole pansi pa mtengo, nkutenga kamkeka kawo ndi botolo la madzi. Apamwamba pa mchere anayamba kung'ung'udza, koma Bambo Namakhwa anatsika nkuwauza kuti munthu akamapemphera samuwerengera mphindi. Atabwerako, Che Jafali anafunsa ngati zili zoona kuti tchalitchi chathu chidzapendekera msewu pofuna kum'mawa. Titavomera anaseka nkuti, "Ndiye inu ndi ife tikumvana. Pemphero limafuna kolunjika, osamangomwaza ngati chimanga cha nkhuku." Kuyambira pamenepo awiriwa anakhala pachibwenzi, moti anafika pogawana mtedza wa m'thumba limodzi.

Ku Kasungu tinapeza mwini mchere atatseka sitolo. Tinagona pa resitihausi ya pafupi ndi depoti, ndipo m'mawa mwake kutsitsa mchere kunadya nthawi mpaka 10 koloko. Tinadutsa Nkhamenya lole ili pululu, ikudumpha pa bampu iliyonse. Pa Jenda, tikudikira pa rodibuloko, amayi ogulitsa tomato ndi anyezi anazungulira mawindo akuitanira malonda m'Chitumbuka. Mawu amenewo ndinali nditawasowa kuposa momwe ndinkaganizira. Sindinagule kanthu, kuopa kuti wina angandizindikire.

Tikuyandikira Luviri ndinakoka chitenje nkufunda kumutu ngati ndikumva mphepo. Ndinaona mabulugamu a pa kanjira kakwathu, ndinaona chigayo, ndinaona denga la sukulu imene ndinaphunzirako.

"Mayi, kwanu si kuno?" anafunsa Bambo Namakhwa.

"Ndi kuno."

"Sititsika kukapereka moni?"

"Nthawi yatha."

"Nthawi?" anadabwa Che Jafali. "Pa lole yanga ino?"

Palibe anaseka. Bambo Namakhwa anandiyang'ana kamodzi nkuyamba kusenda mtedza, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Ku Chikangawa kumazizira ngakhale mu Seputembala. M'mbali mwa msewu munali timisasa ta anthu ocheka ndi milu ya matabwa kulikonse, ndipo fungo la paini linandikumbutsa malaya a bambo anga. Tinasankha mkulu wina wa chijasi chachikopa, wofatsa bwino. Anationetsa milu iwiri. Wina unali wa matabwa otuwa, ouma gwa, ena atathetheka pang'ono kumapeto, ndipo mtengo wake unali wokwererapo. Wina unali wa matabwa achikasu, owala, onunkhira, utomoni ukuchita kunyezimira.

"Otuwawa ndiwo abwino pomangira," anatero mkulu uja. "Achikasuwa tacheka dzana, sanaume."

Apa ndi pamene nzeru zathu ziwiri zinakumana. Bambo Namakhwa anandikokera pambali nkunong'ona kuti kukhitchini chinthu chabwino ndi chatsopano, kaya ndi nsomba kaya ndi masamba, ndipo nyumba ya Mulungu sitingaimange ndi matabwa otuwa ngati a khola la nkhumba. Ine ndinawauza kuti njomba imeneyi ndikuidziwa, nanenso katundu wokhalitsa ndi amene ndimayamba kumutamanda. Ndinanyamula thabwa lotuwa, linali lopepuka. Ndinanyamula lachikasu, linali lolemera. Pa kaunjika nsalu yolemera ndiyo yolimba. Kuti ndionetse kuti ndine mwana wa aChirwa, ndinagogoda thabwalo ndi chala nkutchera khutu monga ankachitira bambo anga, ngakhale sindinkadziwa chomwe ankamvetsera. Kenaka ndinalamula m'Chitumbuka changa chonse kuti atipatse achikasu.

"Akaumira pakhoma," anawonjezera Bambo Namakhwa.

Mkulu uja anatiyang'ana, anayang'ana kumwamba, nkuitana anthu ake. Safunsa anadya phula, koma ife tinaposa pamenepo, chifukwa tinauzidwa osafunsa nkukanabe.

Chiphaso chonyamulira matabwa chinatidikiritsa tsiku ndi theka, poti wolemba ziphaso anali kuthengo kothandiza kuzimitsa moto. Tinakhala pa kagolosale tikumwa tiyi wa mkaka ndi kuwotha dzuwa ngati abuluzi. Chitapezeka, anthu anakweza matabwa nkumanga ndi zingwe. Che Jafali anazungulira lole kawiri, akumenya matayala ndi phazi.

"Koma matabwa amenewa mwawerenga bwino? Ine ndanyamulapo ochuluka kuposa awa, koma galimoto sinagwadepo chonchi."

"Ndi olimba, nchifukwa chake," ndinayankha monyadira.

Tinanyamuka m'mamawa. Pa chitunda chilichonse lole inkabuula, ndipo pa zitunda ziwiri anthu a njinga anatipitirira akutiseka. Tinadutsa pamphambano ya ku Mzimba bwinobwino. Ine ndinali nditakonzeratu chitenje chofunda pa Luviri. Kutatsala pang'ono kufika pa mabulugamu aja, cha m'ma 10 koloko, tayala lakumbuyo linalowa m'dzenje. Tinangomva kuti phwaa! Lole inapendekera kumanzere nkuyamba kukhukhuluza, ndipo Che Jafali anaikokera pambali akutchula dzina la Mulungu. Anatsika, anasuzumira pansi, anatuluka atagwira mutu.

"Sipuling'i yathyoka. Katundu yense atsike."

Msewu wonse wautali uja, kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Chikangawa, sipuling'i inasankha kuthyokera poonekera chigayo chakwathu. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kuthawira m'tchire.

Anthu a m'midzi anabwera kudzathandiza kutsitsa. Matabwa tinawaunjika m'mbali mwa msewu, limodzi pamwamba pa linzake, padzuwa. Che Jafali anamasula chitsulo chothyokacho nkukwera nacho minibasi ya ku Kasungu, akuti abwera mawa, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo la mawa wawo. Chitenje chofunda sichithandiza munthu akamanyamula matabwa. Mayi wina wachikulire anandiyang'anitsitsa nkuwomba m'manja, akuitana dzina langa la paubwana.

"Towera! Si Towera uyu, mwana wa aChirwa?"

Kumudzi uthenga suyenda pa lole. Pasanathe ola, ndinawaona bambo anga akutsika ndi kanjira kaja akukankha njinga. Anali atachepa thupi, ndipo tsitsi lonse linali litayera. Ndinagwada m'fumbi m'mbali mwa msewu.

"Monire, adada."

Sanandiyang'ane. Anaimika njinga, anavula chipewa, anapereka moni kwa Bambo Namakhwa m'Chichewa, anafunsa za ulendo ndi za kunyumba mwaulemu wonse. Kenaka anapita pa mulu uja. Ananyamula thabwa limodzi kumapeto nkulibwezera. Analidinda ndi chikhadabo, ndipo pamene anadindapo panatuluka kadontho.

"Wasankha matabwa awa ndani?"

"Tinasankha tonse, bambo," anatero Bambo Namakhwa.

"Inu ndinu mlendo. Ndafunsa kuti ndani."

"Ndine, adada."

Apo ndi pamene anatembenuka nkundiyang'ana, koyamba m'zaka zinayi.

"Wagula madzi. Theka la katundu uyu ndi madzi. Wakweza madzi pa lole ya mwiniwake mpaka kumuthyolera sipuling'i. Zaka zonse zija unkaona chiyani pakhomo panga? Ndiye taonani mwaunjikira! Padzuwa, popanda popita mphepo. Pofika mawa onsewa apindika ngati nthochi."

Ndinalira pamaso pa anthu onse aja. Manyazi analipo, koma chachikulu chinali chimwemwe, chifukwa munthu sakalipira chotero mwana wa eni. Anthu ankayesa ndikulira chifukwa cha matabwa.

Bambo anga akanatha kupirira mwana wopsompsona zithunzi, koma matabwa ounjikidwa molakwika sakanatha kuwasiya. Anatumiza uthenga kwa eni ngolo awiri, ndipo pofika madzulo katundu yense anali pakhomo pathu, kuseri kwa nyumba pansi pa mitengo ya mango. Amayi anandikumbatira nkundinunkhiza m'mutu ngati khanda. Bambo anayala miyala, pamiyala anagoneka mitengo yowongoka, nkuyamba kusanja: mzere wa matabwa, timatabwa tating'ono topingasa, mzere wina pamwamba, kuti mphepo izidutsa paliponse. Pofotokoza ankayang'ana Bambo Namakhwa, koma timatabwa topingasato ankapatsira ine, ndipo ndikaika mokhota ankangogogoda ndi ndodo pamene ndalakwitsapo.

Che Jafali sanabwere mawa lake, ngakhale mkuja wake. Bambo Namakhwa, munthu wosatha kukhala manja lende, analanda khitchini ya amayi. Anaphika nkhuku ndi mbatata ya kachewere, nkufinyiramo mandimu monga ankaphikira mabwana ake aja. Amayi ankaonerera atagwira pakamwa, poti mwamuna wa jekete pamafuwa anali asanamuonepo. Bambo anga anadya nkumaliza, kenaka anakankhira mbale kutsogolo kuti awonjezere.

Tsiku lachiwiri masana, amuna awiriwa atakhala pakhonde, ine ndikutongola chimanga chapatali pang'ono, ndinamva bambo akufunsa.

"Chinthu mukumangachi, tajambulani ndione."

Bambo Namakhwa anatola kamtengo nkujambula pansi. Anaonetsa khomo kumadzulo, guwa kum'mawa, mawindo atatu mbali iliyonse, ndi kansanja ka mtanda pamwamba.

"Mabenchi ali pati?"

"Ife timapemphera chiimirire. Benchi ndi limodzi, m'mbali, la okalamba ndi odwala."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri. Pa zikondwerero amapitirira."

"Nchifukwa chake mulipo ochepa," anatero bambo anga, ndipo onse awiri anaseka.

Anayamba kulangiza ngati ntchitoyo ndi yawo. Nsanamira zikhale pa miyala, zisakhudze dothi, ndipo zipakidwe oyilo wakale wa galimoto chifukwa cha chiswe. Matabwa a khoma asagundanitsidwe m'mbali, koma lililonse lizikwera pang'ono pamwamba pa linzake, kuti akamauma nkufupika pasatseguke mipata. Lole isanyamulenso katundu yense. Theka litsale pakhomo pomwepo liume, adzalitenge mwezi wamawa. Kenaka analoza mzere wina umene Bambo Namakhwa anajambula mkati, pafupi ndi guwa.

"Nanga khoma ili mkati mwa nyumba ndi la chiyani?"

Bambo Namakhwa anafotokoza kuti khomalo limalekanitsa guwa ndi anthu, ndipo ndi pamene pamakhala zithunzi zopatulika. Bambo anga anakhosomola, koma anawasiya apitirize. Pakati pa khomalo pamakhala zitseko ziwiri zokumana. Zimatsegulidwa ndi kutsekedwa mapemphero ali mkati, ndipo wansembe amatulukira pamenepo ndi Uthenga Wabwino, kenakanso ndi chikho cha Mgonero.

"Pamaso pa anthu onse?"

"Pamaso pa onse."

"Kangati?"

"Kangapo, Lamulungu lililonse."

"Ndiye mukufuna kuzipanga ndi paini ameneyu?"

Bambo anga anayang'ana chojambula chija nthawi yaitali. Anati khoma limakhululuka, koma chitseko sichikhululuka. Paini wosauma akapindika, chimodzi chidzaloza ku Zambia, chinzake ku Mozambique, ndipo wansembe adzachita kukankha ndi bondo atanyamula chikho. Atatero anatenga khasu nkupita kudimba, ndipo tsiku limenelo sanalankhulenso za matabwa.

Che Jafali anafika m'mawa wa tsiku lachinayi, ali ndi sipuling'i ya lole ina yakufa ndi nkhani zambirimbiri za mmene anaipezera. Pofika 11 koloko anali atamanga, ndipo ngolo zinayamba kubweza theka la matabwa kumsewu. Ine ndinali kutsanzikana ndi amayi pamene ndinamva mawu kuchokera m'nyumba.

"Towera, tabwera kuno."

Anali kuchipinda kwawo, kumene ndinali ndisanalowemo chikulireni. Anandilozera mpando nkuti ndikwere. Pamitanda ya denga panali chinthu chachitali chokulungidwa m'masaka a feteleza. Tinatsitsa limodzilimodzi, iwo akulandira pansi. Anali matabwa asanu ndi limodzi, otakata, akuda ndi fumbi. Bambo ananyowetsa chikhatho nkupukuta pa limodzi, ndipo panaoneka kufiirira kwa mlombwa.

Matabwa amenewo banja lonse linkawadziwa. Anawacheka okha ndi manja chaka chomwe anapuma ntchito, nkuwasunga kuti tsiku lawo likadzafika asadzavutitse ana. Amayi anaima pakhomo la chipinda.

"AChirwa, mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza dzulo lonse."

"Adada, awa ndi a bokosi lanu," ndinatero. "Sindingatenge."

"Bokosi amatseka kamodzi, ndipo mwini wake saona ngati latseka bwino. Zitseko zanuzo mukuti ndi Lamulungu lililonse." Anakhala pabedi, akupukuta manja pa thalauza. "Usandimve molakwa. Zithunzi zakozo sindigwirizana nazo, ndipo ndidzafa ndisakugwirizana nazo. Koma mwana wanga sangaime maola awiri akuyang'ana chitseko chopindika. Ukamuuze kalipentala wanuyo kuti mlombwa safuna msomali. Aboole, alumikize ndi zikhomo."

Ndinagwada nkugwira mawondo awo. Mawu akuti mwana wanga ndi amene anandimaliza. Iwo anandisisita pamutu kamodzi, mwamsangamsanga, nkuti ndidzuke, dalaivala wa eni akudikira.

Mlombwa uja sunasakanizidwe ndi paini. Che Jafali atamva nkhani yake anauyala okha pamwamba pa katundu, nkuufunditsa ndi bulangete lawo logonera. Pa rodibuloko ya pa Jenda wapolisi anavundukula nkufunsa pepala la mitengo yachilengedwe. Ndinamupatsa kalata imene bambo analemba ndi dzanja lawo. Anaiwerenga kawiri, anandiyang'ana, nkubwezera bulangete lija bwinobwino mmene linalili. Ku Chinsapo tinafika tsiku lomwelo, ndipo amayi anzanga anatilandira ndi nthungululu, akutamanda diso langa lodziwa matabwa. Ndinawasiya atamande mpaka m'mawa mwake.

Mwezi wotsatira ndinapitanso ndi Che Jafali kukatenga theka lotsala lija, ndipo pa Luviri ndinatsika ndekha lole isanaime bwino. Tchalitchi tinamaliza mvula yoyamba itagwa kale kawiri. Ndi kakang'ono, anthu makumi asanu akalowa ena amaima panja. Kamapendekera msewu, moti oyendetsa njinga za kabaza amalozera anthu njira ponena kuti mukafike pa tchalitchi chokhota. Matabwa a khoma anafupikadi, koma mpata sunatseguke. Kachitseko kam'mbali, kamene tinapanga ndi paini wathu uja, mpaka lero timachita kukakankha ndi phewa. Zitseko zapakati zimakumana popanda phokoso, ndipo pakati pake simungalowetse ngakhale pepala.

Bambo anga sanabwere kudzaona, ndipo sindinawakakamize. Ndikapita kumudzi, moni akatha, funso lawo linali limodzi lokha: "Zikutseka?" Ndikati zikutseka, ankagwedeza mutu nkufunsa za ana.

Anamwalira patatha zaka zitatu, nyengo yozizira. Bokosi tinagula pa Jenda, la paini wamba. Anzawo a mpingo anawaika mwaulemu wonse, ndi nyimbo zomwe ankazikonda, ndipo Bambo Namakhwa anaima nawo kumbuyo atavala jekete lija. Tikuchokera kumanda, mkulu wina amene anacheka nawo matabwa zaka zambiri anayandikira amayi. Sankanyoza, zinkangomupweteka. Anati munthu ngati aChirwa, amene anagwetsa ndi kucheka mitengo moyo wawo wonse, sankayenera kupita m'paini ngati mlendo. Nanga mlombwa wawo uja unapita kuti?

Amayi anakonza mpango wawo kumutu.

"Uli ku Lilongwe," anatero. "Ukugwira ntchito."